Tsiku Limene Lefina Anapha Chiunyolo

Raymond, mlangizi wa kampani ya fodya uja ankayenda pa njinga yamoto yofiira ku Kaluluma, ndiye anachotsa Lefina pamunda wa malemu mwamuna wake. Sanamuchotse ndi chikwanje ayi. Anamuchotsa ndi pakamwa pozuna ndi gemu ya pa laputopu. Dzina lake ndalitchula dala, kuti akamva asanamizire kuti akunenedwa ndi wina.

Anakumana m'chigafa mwezi wa Malichi. Lefina anali atakhala pansi chotambalala, akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni wa masamba. Panali patapita zaka ziwiri chimwalirireni Dominic, mwamuna wake. Mwana analibe, komabe apongozi ake aamuna, a Kalekeni, sanamuthamangitse. Anangomuuza mawu amodzi: "Ukakhala pano, munda ndi chigafa ndi zako. Ukadzafuna banja lina tidzakusudzula, upite kwanu, munda ubwerere kwa eni mbumba."

Njinga inazima panja.

"Odi kuno! Eni chigafa alipo?"

"Ndine ndemwe."

"Inuyo? Fodya yenseyu nokha?" Mnyamatayo anagwira tsamba limodzi, nalinunkhiza. "Mayi, ndazungulira Kaomba yense, ndafika mpaka ku Lisasadzi, kasokedwe kotere sindinakaone. Zala zanuzi zikuthamanga kuposa njinga yangayi."

"Alangizi, mwabwera kudzaona fodya kapena zala?"

"Za fodya inandituma ndi kampani. Zalazo ndadzituma ndekha."

Lefina anaseka mpaka singano inagwa. Zaka ziwiri zathunthu asanasekepo ndi munthu wamwamuna!

Dzuwa lisanalowe, foni yake inalira. "Mwaswera bwanji mayi a zala zagolide? Utomoni wa fodya wanu sukuchoka m'manja mwanga, ndipo kusamba sindikufuna."

Anauwerenga kanayi uthengawo. Kenako anayankha kuti: "Sambani, mudwala."

Raymond ankachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale ya Saida, mayi wachisilamu amene ankatchajitsa mafoni pa sola. Loweruka lina Lefina atapita kukatchajitsa foni, anamupeza pakhonde la kuseriko atawerama pa laputopu, m'manja atagwira kachipangizo ka mabatani kamene ankakatcha padi.

"Bwerani mudzaone mdani wanga," anatero Raymond, akumusendezera mpando.

Pa galasipo panali usiku wokhawokha. Chinyumba chachikulu chamiyala, nsonga zake zolasa kumwamba, mileme ikuzungulira, manda mbali iyi ndi iyo, makandulo akuyaka m'mbali mwa njira. Kamunthu ka chikhoti chachitali kankayenda ndi lupanga. Katangofika pachipata, nthaka inang'ambika, panatuluka chimunthu chachitali ngati mtengo wa bulugamu, bokosi la maliro chitabereka kumsana, m'manja chitagwira unyolo wautali.

"Mayo ine!" Lefina anagwira pachifuwa. "Zasatana izi!"

"Ndi gemu chabe. Uyu ndi mlonda woyamba. Ukapanda kumupha, m'nyumbamo sulowa. Ine wandikanika chaka chathunthu."

"Ndipatseni ndiyese."

Raymond anaseka. Anatembenuzira laputopu kwa iye mwini, nati, "Dikirani ndikukonzereni kaye." Anadinadina, kenako anamupatsa padi. Lefina asanadziwe n'komwe batani lothawira, unyolo unali utamukwapula kawiri. Mawu ofiira achizungu anadzaza galasi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti mwafa."

"Ndiye maliro ake liti?"

"Kuno kulibe maliro. Munthu amangodzuka n'kuyambiranso."

Lefina anayang'ana kamunthu kaja kataimiriranso bwinobwino. "Dziko labwino limenelo," anatero chapansipansi.

Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse masana ankapezeka pakhondepo. Chilombocho anachipatsa dzina loti Chiunyolo. Nayenso Raymond anasiya kunena kuti "mayi." Anayamba "Lefi," kenako "dale," kenako "duwa langa la m'chigafa." Mauthenga ankabwera m'mawa ndi madzulo. "Ndadya koma sindinakhute, chifukwa sindinakuone." "Mvula ikakana chaka chino, ndidzathirira munda wako ndi misozi ya kukusowa." Mkazi wamasiye amene zaka ziwiri ankangoyankhula ndi makasu, mukanati atani?

Mu Juni, atamaliza kusankha fodya ndi kudinda mabelo, Lefina anaika padi pamwendo n'kumuyang'ana m'maso.

"A Ray, anthu ayamba kuyankhula. Ngati mumandikonda zoona, bwanji osakaonekera kwa amalume ku Kaomba?"

Raymond anamugwira dzanja, nasisita chala chachikulu chimene chinali chitatupa ndi batani. "Lefi, mtima wanga, ukundikayikira? Imva bwino. Tsiku limene udzaphe Chiunyolo, m'mawa mwake ndidzavala jekete ndi tayi, ndikagogode kwa amalume ako. Iwe unditsegulire chipata ichi, ine ndikutsegulire khomo la nyumba yanga. A Saida, mwamva? Mukhale mboni!"

Saida anasuzumira pazenera la golosale. "Ndamva ine. Koma ukwati wodikira laputopu sindinauonepo chibadwire."

Onse anaseka. Lefina yekha ndi amene sanaseke kwambiri. Iye anamva lonjezo, lonenedwa masana, pamaso pa mboni.

Ndiye anayamba kuchiphunzira chilombocho monga momwe anaphunzirira fodya. Anaona kuti maso amanama mumdima muja, koma khutu silinama. Unyolo ukalira kawiri mofulumira, chekete-chekete, ndiye kuti ukubwera chapansi, udumphe. Ukalira kamodzi motalika, ukuchokera kumwamba, ugubudukire kumanzere. Ukamenya pansi umakodwa pa mwala wa manda, ndipo chilombocho chimawerama kuti chiukoke. Pamenepo ndiye potema. Katatu basi! Ukachita dyera n'kufuna kachinayi, chikuponda.

Mzere wofiira wa moyo wa chilombocho ukafika pakati, chinkaphwanya bokosi la kumsana kuja, mileme n'kutuluka, makandulo onse n'kuzima. Pamenepo Lefina anafapo kosawerengeka. Iye kungokhudzidwa kawiri, basi wafa. Chilombocho kutemedwa makumi angapo, chili chilili.

"Bwanji ine ndimafa msanga chonchi?" anafunsa tsiku lina.

"Ndi mmene anaipangira azungu, dale," anayankha Raymond, akumupukuta thukuta pamphumi ndi mpango wake.

Pofika Seputembala, Lefina ankasiya kamzere kofiira kakang'ono ngati chikhadabo. Saida ankasiya makasitomala pakauntala kudzaonerera. Koma Raymond kuseka kunachepa. Loweruka lina ankati batire yatha. Lina ankati padi ikuvuta. Lina ankati, "Usadzipanikize, duwa langa, gemu ndi yosangalala nayo." Lefina ankati mwina mwamunayo akuchita mantha ndi amalume, monga amachitira anyamata onse. Ankamumvera chisoni, tangoganizani!

Chinamudetsa nkhawa chinali china. Mwamuna sangakafunsire mkazi amene akuchimuna sanamusudzule. Amalume angamubweze pakhomo, n'kumuuza kuti uyu ndi mkazi wa eni. Lefina anawerengetsa: Chiunyolo chatsala pang'ono kugwa, ndipo a Ray anati m'mawa mwake. Sanafune kuti m'mawa umenewo udzamupeze ali womangika.

Anapeza a Kalekeni akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Anagwada chapatali.

"Adada, ndabwera kudzapempha kuti mundisudzule."

Mkuluyo anaika kasemasema pansi. "Nazale wafesa kale. Mbande zamera bwino kuposa za mudzi wonse. Wayiganizira bwino nkhaniyi?"

"Ndayiganizira, adada."

"Munthuyo wafika kwa amalume ako?"

"Afika posachedwapa."

"Yayi, mwana wanga, ndafunsa ngati wafika. Posachedwapa ndi tsiku lanji? Ife sitikukuthamangitsa. Dominic unamusamala mpaka tsiku lomaliza, tinaona ndi maso. Koma ukatuluka, munda ndikupereka kwa mlamu wako Grey, ndipo sindidzamulandanso. Wamva?"

"Ndamva, adada."

Potuluka pamenepo analembera Raymond: "Ndapempha kusudzulidwa. Munda ndiusiya. Mukuti bwanji?"

Yankho linabwera asanafike n'komwe pakhomo pake. "Wachita bwino, mkazi wanga wa mawa! Munda ndi chiyani? Ndidzakupezera khumi. Ndimakukonda kuposa mpweya umene ndikupumawu."

Anamusudzula Loweruka lachiwiri la Okutobala. Abale a Dominic anasonkhana, anayankhula mawu awo, anamupatsa nsalu yatsopano, namuuza kuti tsopano ndi womasuka. Lefina anapereka makasu atatu, keni yothirira, chigafa chimene anafolera yekha, ndi nazale yobiriwira ngati mphasa yatsopano. Analira, inde analira. Koma mumtima ankati ndikulira komaliza. Saida anamupatsa pogona kukhitchini kwake kuti azimuthandiza mugolosale podikira ukwati.

Linali Lachitatu la mu Novembala, masana, kukutentha, mitambo ikusonkhana chakumadzulo. Lefina anakakamira mpaka Raymond anatulutsa laputopu. Anaitembenuzira kwa iye mwini monga mwa masiku onse, anadinadina, n'kumupatsa padi. Nthawi yomweyo foni ya Raymond inalira. Anaiyang'ana, nanyamuka msangamsanga.

"Abwana akuofesi. Ndikubwera, dale." Anapita kukayankhira kumsewu.

Nthaka inang'ambika. Chiunyolo chinadzuka.

Chekete-chekete! Lefina anadumpha. Kulira kotalika, anagubudukira kumanzere. Unyolo unakodwa. Chimodzi, ziwiri, zitatu, anabwerera m'mbuyo. Milomo yake inkawerenga yokha monga ankawerengera masamba posoka. Mzere wofiira unayamba kutsika.

Pakati, bokosi linaphwanyika. Mileme ija, mdima uja. Unyolo unamupeza kamodzi mwendo, moyo wake unatsala theka. Kukhudzidwa kwina kamodzi, basi zatha. Thukuta linalowa m'maso, linawawa, koma analibe dzanja lopukutira. Ndiye anangotsinzina! Anasiya galasi, natsatira khutu. Kulira kotalika. Kumanzere. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Chala chinkafuna kachinayi, anachikaniza. Chekete-chekete. Kudumpha. Kudikira. Kudikirabe.

Atatsegula maso, kamzere kanali katatsala ngati ulusi. Unyolo unamenya pansi, unakodwa, chilombo chinawerama.

Anatema kamodzi kokha.

Chiunyolo chinagwada, chinabangula, chinasweka ngati mbiya. Makandulo onse anayakanso, nyimbo inasintha, ndipo chipata chachitsulo chija, chimene anachiyang'ana miyezi isanu ndi iwiri, chinayamba kutseguka pang'onopang'ono.

"Ndachipha! A Saida! Ndachipha! Ndakwatiwa ine!"

Saida anathamanga ndi sikelo m'manja, akululutira. Anakumbatirana, anavina pakhondepo, mpando unagwa. Lefina ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

Pamene anayang'ananso pa galasi, panali patatuluka tsamba lina limene anali asanalionepo. Chizungu Lefina sankachidziwa, sukulu analekeza Sitandade 6. Koma dzina ndi dzina, ndipo nambala ndi nambala. Panali mizere iwiri. Wapansi unalembedwa LEFINA, pambali pake kachithunzi ka chipata. Wapamwamba unalembedwa PRINCESS NDI RAY, pali kamtima kofiira, nambala 86, ndi kachithunzi ka pamwamba penipeni pa chinyumba chija, pafupi ndi mwezi.

"A Saida, inu munafika Folomu 4. Apa akuti chiyani?"

Saida anawerama. Kululuta kunathera pakhosi.

"Akufunsa kuti usunge pati pamene wafika. Awa ndi malo osungira, aliyense ndi pake."

"Nanga 86 ameneyu?"

"Maola amene asewera." Saida analoza mzere wapamwamba uja. "Awa chilombo chako anachipha kalekale, Lefina. Ali kumapeto kwa gemu. Ndipo tsiku lomaliza kusewera ndi Lamulungu lapitali."

Lamulungu lapitalo Raymond anati ali ku msonkhano wa kampani ku Kasungu boma.

"Pali mawu ena apa, pafupi ndi dzina langa. Ofiirawa. Kwa awo ndi obiriwira. Bwanji akusiyana?"

Saida sanafune kunena. Lefina anamugwira mkono mwamphamvu. "Nenani!"

"Gemuyi munthu amasankha kuti ikhale yofewa kapena yolimba. Obiriwirawa akuti yofewetsetsa, ya ongoyamba kumene. Ofiirawa..." Anapukusa mutu. "Yako anaiika polimba pomaliza penipeni. Poti munthu akangokukhudza kawiri wafa. Mchemwali wanga, anakutchera kuti usadzapambane mpaka kalekale."

Raymond anatulukira pakona akuimba mluzu, foni akuiponya m'thumba. Anaona chipata chotseguka kuseri kwa mayina aja. Mluzu unaduka. Kodi mukuganiza kuti anati chiyani? Anati wakhoza, dale? Anati ndikatenge jekete? Ayi!

"Zatheka bwanji?" anatero. "Pamenepo palibe amene amapha. Ngakhale ine sindingathe."

"Ndiye mumadziwa."

"Lefi, tamvera..."

"Princess ndi ndani?"

"Ndi msuweni wanga wa ku Lisasadzi. Amabwereka laputopu."

"Msuweni wa kamtima kofiira?" anatero Saida, manja ali m'chiuno. "Bambo inu, pakhonde panga pano musanamepo kawiri. Munandiika umboni ine. Nenani zoona!"

Raymond anakhala pa mpando umene unagwa uja atauimika, nayang'ana nsapato zake. Mawu anatuluka pang'onopang'ono ngati akuwakoka ndi chingwe. Princess ndi mphunzitsi wa ku Lisasadzi. Chinkhoswe chinachitika mu Ogasiti. Ukwati uli mu Disembala, kutchalitchi, makadi anasindikiza kale.

"Ogasiti," anatero Lefina. "Ine ndinasudzulidwa mu Okutobala."

"Dale, ine ndimakukonda ndithu, zimenezo si bodza. Kungoti zinthu zinapanikizana. Za Chiunyolo zija zinali zocheza, aliyense akanadziwa. Ndi munthu wanji amasiya munda chifukwa cha gemu?"

Lefina anatulutsa foni yake m'chitenje. Anafufuza, napeza, nawerenga mokweza, liwu ndi liwu, monga amawerengera ana a sukulu: "Wachita bwino, mkazi wanga wa mawa. Munda ndi chiyani. Ndidzakupezera khumi."

"Sindinkafuna kukukhumudwitsa."

"Ndinakufunsani ndisanapereke makasu, a Raymond. Panali masabata awiri athunthu. Mawu amodzi okha, oti dikira, bwenzi lero ndili ndi nazale yanga. Amodzi okha!"

"Mwina a Kalekeni angamve, utapita kukapepesa..."

"Ndikapepese ine? Ndalakwa chiyani?"

Raymond anatambasula dzanja kuti amugwire. "Duwa langa..."

"Dzanja limenelo libwerere komwe lachokera!" Lefina anaimirira. "Loweruka lililonse mumatembenuza laputopu, mumati mukundikonzera. Kani mumanditchera! Mumaona chala changa chikutupa, n'kumachisisita. Mumandipukuta thukuta ndi mpango wanu, mukudziwa kuti mwakhoma chitseko nokha. Fisi amene amagwira mbuzi ali bwino, sayiuza kuti dale."

Anaika padi patebulo bwinobwino, osaiponya. Analowa kukhitchini kwa Saida, anamanga katundu wake mu nsalu yatsopano ija, nasenza. Raymond anali akadali pampando pomwepo, akutseka laputopu mwakachetechete ngati wakuba.

Mvula inagwa Lachisanu. Mudzi wonse unatuluka kukawokera fodya. Mbande za Lefina anaziwokera Grey ndi mkazi wake, m'mizere imene Lefina anaunga yekha. A Kalekeni atamva nkhaniyi anatumiza mawu achisoni ndi thumba la chimanga, koma munda sanabweze. Anali atanena kale, ndipo iwo sananame.

Lero Lefina ali kwa amalume ake ku Kaomba, amasoka fodya wa eni pa ganyu. Raymond anakwatira mu Disembala momwemo, kampani inamusamutsira dera lina, ndipo akuti wanenepa. Kuchigayo akazi anzake amakodolana Lefina akamadutsa: "Ndi uja anasiya munda chifukwa cha zidole za pa laputopu." Amuna nawo pa bawo amaseka, amati mnyamata anachenjera.

Anachenjera? Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikufunsa inuyo, ndipo musandiuze kuti ndi za achinyamata. Mkaziyu anamva lonjezo pamaso pa mboni, anafunsa asanataye munda, anayankhidwa kuti wachita bwino, ndipo mbali yake anaikwaniritsa ngakhale anamuikira polimba poti mwini wakeyo sangathe. Winayo anadziwa tsiku la chinkhoswe chake, n'kulembabe kuti mkazi wanga wa mawa. Bwanji wosekedwa kuchigayo ndi Lefina? Bwanji palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukamufunsa Raymond za munda uja? Musangopinda pepalali n'kukhala chete. Ndiyankheni!